Jipi Yokhotera Kumanzere

Nzeru yonse inabadwira kwa mayi Felista, kuseri kwa nthochi, kumene kachasu ankamuthira kuchokera m'ketulo kuti mesenjala wa boma akadutsa aziyesa kuti anthu akumwa tiyi. Munali m'zaka zija za Chitaganya, nyengo yachisanu, mtedza utakumbidwa kale. Dzuwa linali lisanapendeke, koma amuna atatu amene anakhala pamphasa tsikulo anali atapendeka kale.

Mkulu wa gululi anali Bonifasi, amene anthu kuyambira ku Mponela mpaka ku Visanza ankamudziwa ndi dzina loti Sajeni. Mwiniwake ankati anamenya nkhondo ku Bama. Amene anapitadi ku Bama ankati mkuluyu anathera ku Zomba, kumene anasenda mbatata kuyambira tsiku loyamba la nkhondo mpaka lomaliza. Chimene panalibe amene ankatsutsa n'chakuti anabwerako ndi jekete ya khaki ndi mawu aakulu, ndipo zonse ziwiri sankazisiya kunyumba.

Wachiwiri anali Benjamini, wotchedwa Giya. Uyu anagwirapo ntchito yokweza matumba pa lole ya mmwenye wina, ndipo kuyendetsa galimoto anaphunzira posuzumira pakawindo ka kumbuyo kwa dalaivala. Wachitatu anali Isake, chimunthu cha mapewa ngati goli la ng'ombe, amene anapita ku Joni kukakumba golide n'kubwerako ndi liwu limodzi lokha, loti haikona, ndiye kuti ayi m'chiyankhulo cha kumigodiko. Dzina lake linasanduka lomwelo.

Chuma chawo chinali jipi. Mzungu wina wofufuza miyala anaigwetsera m'khwawa m'mapiri a Ntchisi, anaitukwana, n'kubwerera kwawo pagalimoto ya mnzake. Sajeni anaikoka ndi ng'ombe zobwereka, n'kulengeza kuti galimoto yotayidwa ili ngati bowa, mwini wake ndi amene wazula. Inalibe denga, inkalira pochita kupukusa hendulo kutsogolo, ndipo mabuleki ake ankagwira akafuna okha. Koma phiri inkakwera ngati mbuzi.

"Tcherani makutu, asilikali," anatero Sajeni akulemba pansi ndi kamtengo. "Apa ndi pa Katope. Uwu ndi mkuyu uja wa pakati pa msika. Iyi ndi sitolo ya Zuberi. Lachisanu kukubwera bwana wa ku boma kudzafotokoza ubwino wa Chitaganya pabwalo la sukulu. Anthu onse adzakhala kumeneko. Zuberi naye adzapita, chifukwa wasitolo akajomba msonkhano wa boma, laisensi yake imayamba kudwala. Ife tidzafika, tidzapachira, tidzalowa m'mapiri. Wapolisi wa pa Katope ndi mmodzi, ndipo amayenda pa njinga."

"Tikabe dzuwa likuswa mtengo, a Sajeni?" anafunsa Giya.

"Usiku zimaba ndi mbava zosaphunzira, n'chifukwa chake zimalumidwa ndi agalu. Ndiponso liwu limenelo ndisalimvenso. Ife tikukasamutsa katundu."

Chimene Sajeni sanawauze anzakewo n'chakuti moto unali utayaka kunyumba. Iye anali mkamwini m'mudzi wa mkazi wake Lusiya, ndipo m'zaka zonse za ukwati wawo khasu analigwirapo pokhapokha pofuna kulisuntha panjira. Lusiya anali atanena mosabisa, apongozi akumva, kuti ukwati wa mng'ono wake ukafika iye asanavale nsalu yatsopano, Sajeni adzapeza mphasa yake ndi jekete zili panja, ndipo adzabwerera kwawo kumene ngakhale nkhuku sizinkamukumbukira.

Giya anamwa pang'ono, n'kukanda mutu. "Pulani njabwino, bwana. Koma tayirodi yatha."

"Ameneyo ndiye ndani?" anafunsa Haikona.

"Ndi chitsulo, aise. Chimakhala kunsi, kutsogolo. Ndicho chimauza matayala zimene chiwongolero chanena. Chathucho chinapindika pamwala ku Chinthembwe, ndinachiwongola ndi nyundo, chinapindikanso. Pano chikugwira ndi waya basi. Tikapachira katundu n'kulowa nacho m'mapiri, tayala lina lidzalowera ku Dowa, linzake ku Nkhotakota."

"Haikona," anatero Haikona.

Sajeni sanatekeseke. Anati msilikali akathyoka mfuti amakatenga ya mdani. Kutsidya kwa mtsinje kunali esiteti ya fodya ya mzungu amene anthu ankamutcha Kamphuno, ndipo m'shedi yake munali zitsulo zokwana kumanga sitima. Mayi Felista anabwera ndi ketulo ina, ndipo pulani inavomerezedwa ndi onse atatu.

Lamulungu m'mawa, Kamphuno ali ku Lilongwe kwa azungu anzake, mlonda wake ali kutchalitchi kumene ankatsogolera nyimbo, asilikali atatuwa anakankha lata lakumbuyo kwa shedi n'kulowa chokwawa. Giya anali atachita chinthu chimodzi chanzeru dzulo lake. Anayeza tayirodi yakale ija ndi chingwe, n'kumanga mfundo pamene inathera. Kenaka anachita chinthu chopusa, chomwe ndi kupereka chingwecho kwa Haikona kuti asunge.

"Bweretsa chingwe chija," anatero Giya.

Haikona anayang'ana m'chiuno mwake. Powoloka mtsinje luzi la buluku lake linaduka, ndiye anamangira chingwe chija. Chinali chachitali, choncho anadulako mbali ya mfundo n'kutaya.

"Zisiyeni," anatero Sajeni. "Chingwe n'cha azimayi oyanika zovala. Chitsulo timasankha ndi maso."

Pakhoma panapachikidwa matayirodi atatu. Yoyamba inali yopyapyala, yatsopano, yokutidwa ndi pepala lamafuta. Yachiwiri inali yonenepako, ya lole. Yachitatu inali ya thirakitala, yakuda, yokula ngati munsi.

Giya anatsitsa yopyapyalayo, anaitembenuza, maso ake anawala. "Yathu ndi iyi, a Sajeni. Ndi ya jipi ndithu. Taonani mitu yake, ndi yofanana ndi yathu ija."

"N'chifukwa chake sindikuifuna. Iyi ndi mng'ono wake wa ija yatipweteka. Ukathamangitsa mkamwini waulesi sukatenganso wa nyumba yomweyo." Sajeni ananena izi mosachita manyazi, ngati kuti nkhani za akamwini aulesi sizinkamukhudza.

Anatenga sipanala n'kugogoda chilichonse. Yopyapyala inalira ngati belu la njinga. Ya lole inalira ngati khasu. Ya thirakitala sinalire n'komwe, inangobweza sipanala ija mpaka dzanja la Sajeni linachita dzanzi.

"Mwamva? Chamuna sichiyankha wamba."

Giya anakanabe, ndipo anagwirizana zoziyesa mphamvu. Haikona anapanikiza yopyapyala ija pakati pa mizati iwiri, n'kuitsamira ndi thupi lake lonse. Inalimba kanthawi, koma munthu amene ankadya mbale ya anthu anayi samatsamira chinthu pachabe. Inapindika ngati uta. Giya anakhala pansi n'kugwira tsaya, chifukwa chitsulo chokhacho chimene chikanalowa m'galimoto yawo mwaulemu chinali chitaphedwa iye akuona. Ya lole sanaiyese, poti Sajeni anati zapakatikati n'za anthu amantha. Pa ya thirakitala Haikona analendewera, anadumphapo, anaiponda. Inangokhala chete.

"Njaitali, bwana," anadandaula Giya.

"Kutalika si matenda. Chachifupi ndiye sichifika."

Anatuluka ndi ya thirakitala ija, pamodzi ndi chigubu chimodzi cha petulo.

Kuilowetsa inali nkhondo yoyamba yeniyeni imene Sajeni anaionapo, ngakhale anaimenya atakhala pamthunzi wa mango n'kumalamula. Tayirodiyo inapitirira malo ake ndi chikhatho chathunthu. Giya anayesa kuidula, macheka anatha mano. Anayesa kuiwotcha pamoto wa makala, inangoda. Pomaliza Haikona anakankhira matayala kumanzere mpaka mabowo anayandikana, ndipo anakhomerapo bawuti limene anazula pangolo ya apongozi a Sajeni.

Giya anatuluka kunsi kuja nkhope ili bii ndi girisi. "Chitsulo cha thirakitala, bawuti la ngolo, galimoto ya mzungu. Zinthu zitatu zosadziwana, tazimanga ndi nyundo."

"Boma lamanga maiko atatu osadziwana, ndipo akuyenda."

"Akuyenda kupita kuti, a Sajeni?"

"Iwe ndiwe dalaivala, si wandale. Pukuta nkhope."

Kuiyesa sanaiyese, chifukwa petulo anali wochepa ndipo Sajeni anati chinthu champhamvu chikayesedwa chimakwiya.

Lachisanu ananyamuka dzuwa litakwera. Aliyense anavala kathumba ka ufa kumutu, koboola m'maso, kuti asadziwike. Panalibe amene anakumbutsa mnzake kuti m'dera lonselo jipi yopanda denga inali imodzi yokha, ndiponso kuti jekete ya khaki ija ana omwe ankaidziwa. Mayi wina amene ankachokera kudimba anapatuka panjira n'kugwada pang'ono. "Mwadzuka bwanji, a Sajeni?" Sajeni anayang'ana kumbali.

Atangoyenda pang'ono Giya anazindikira kuti zinthu sizili bwino. Kuti galimoto ipite kutsogolo, ankayenera kupotoza chiwongolero kumanja mpaka pamapeto, n'kuchigwira ndi manja onse ndi bondo lomwe. Ngakhale atatero, jipi inkakokerabe kumanzere ngati ng'ombe imene yaona dimba. Mwayi wake unali woti msewu wochoka kumudziko umazungulira phiri, ndipo umakhotera kumanzere mpaka pa Katope. Anafuna kunena, koma nthawi yomweyo tayala linagunda chimwala, galimoto inadumpha, n'kutera bwinobwino.

"Mwaona?" anakuwa Sajeni m'kathumba muja. "Ija yopyapyala bwenzi pano tikutola mano. Giya, ndiwe injiniya, mwana iwe."

Chiyambire Giya anali asanatchedwepo injiniya. Anameza mawu ake.

Pa Katope panali zii. Nkhuku zokha ndi zimene zinkatola misere pansi pa mabenchi a msika. Kutali, cha kusukulu, kunkamveka mawu a womasulira. Giya anakhotera kumanzere, kuzungulira mkuyu, kuti galimoto iime mogundiza khonde la sitolo. Pokhota paja kunsi kunamveka kuti khu. Mutu wonenepa wa tayirodi unali utadumpha sipiring'i n'kukakamira kuseri kwake.

"N'chiyani chimenecho?" anafunsa Sajeni.

"Mwala, bwana."

Haikona anathamangira chitseko n'kuchizula ndi mahinjesi omwe. Atachiika pansi ndi pomwe anaona kuti chinali chongotsekedwa chabe, loko ali lende pamsomali. Anayamba kututa. Mipukutu ya nsalu, mabulangete, thumba la shuga, bokosi la sopo, miphika yachitsulo, nyali, ndi njinga yatsopano imene Zuberi ankaipukuta m'mawa uliwonse. Sajeni anadzisankhira mpukutu wa nsalu yofiira ya maluwa achikasu, anauika pampando, n'kukhalira.

M'pulani yonse ija Sajeni anawerengera Zuberi, wapolisi ndi agalu, koma anaiwala kuti Zuberi anali ndi mkazi. Mayi Hajara sanapite kumsonkhano. Anali kuseri kwa sitolo akukazinga mandasi, ndipo atamva phokoso anatulukira pakhomo lopanda chitseko lija akupukuta manja.

"A Bonifasi," anatero mayiwo, "kodi chimenechi n'chiyani?"

"Kuno kulibe Bonifasi," anayankha Sajeni ndi mawu a m'mphuno. "Ife ndife a ku Halale. Haikona, pukusa."

Haikona anapukusa hendulo, injini inatsokomola n'kulira, iye anadumphira pamwamba pa katundu. Giya anaponda moto. Jipi inachoka pakhonde mwaukali, fumbi lili koboo, inakhotera kumanzere, inadutsa kuseri kwa mkuyu, inakhoterabe kumanzere, ndipo posakhalitsa mbava zija zinaona sitolo patsogolo pawo, mayi ataima pakhonde.

"Iyinso ndi sitolo ya yani?" anafunsa Haikona.

"Ndi yomwe ija," anatero Giya ndi mawu otsika. Chiwongolero chinali chitauma gwaa. Anachikoka, anachimenya ndi chibakera, Haikona anathandizako mpaka chinayamba kulira, koma matayala anali atamva mawu omaliza a tayirodi ya thirakitala, ndipo sanafune kumvanso za wina.

"Msewu wa kumapiri uli kumanja, chitsiru iwe," anatero Sajeni.

"Ndikuuona, bwana. Galimoto ndi imene sikuufuna."

"Bwerera m'mbuyo."

Giya anaima, analowetsa giya yobwerera. Jipi inazungulira mkuyu womwewo chafutambuyo, n'kudutsanso pakhonde pomwe paja. Mayi Hajara anawayang'ana akudutsa, anayang'ana mkuyu, anayang'ana mzere wa matayala pafumbi, ndipo analowa m'sitolo osathamanga. Anatulukamo ndi ngowe yaitali imene ankatsitsira katundu wa m'mwamba.

Apa n'kuti atatuwa akanatha kutsika n'kuthawa wapansi. Giya ananena zimenezo. Koma Sajeni anali atakhalira nsalu imene inali ukwati wake, m'galimoto imene inali ulemu wake wonse. Anati chitsulo chakakamira chifukwa cha kuyenda pang'onopang'ono, ndipo liwiro lidzachimasula. Giya analowetsanso giya ya kutsogolo n'kuponda.

Atadutsa pakhonde, ngowe inatambasuka, bulangete limodzi linanyamuka n'kutera pamapazi a mayi Hajara. Atadutsanso, nyali inapita. Ulendo wotsatira anakola mphika. Mayiwo sankakuwa kapena kutukwana. Ankangodikira ngati munthu wothyola mapapaya pamtengo wake, ndipo chilichonse chimene atsitsa ankachikung'untha fumbi n'kuchiika pambali.

Nthawi imeneyi kusukulu kuja zinthu zinali zitasokonekera. Bwana wa ku boma atangoyamba kunena kuti Chitaganya ndi ubale, mkulu wina anaimirira, anakung'untha kumbuyo kwa kabudula wake, n'kuyamba kuyenda. Anthu onse anaimirira n'kumutsatira mwakachetechete. Msonkhano umene Sajeni ankadalira kuti utha dzuwa litapendeka unatha usanayambe, ndipo khamu lonse linatsikira kumsika.

Oyamba kufika anaima kukamwa kuli yasaa. Kenaka anthu anafalikira mozungulira, amuna ena atatola mitengo ndi miyala, mpaka panalibe mpata woti ngakhale galu n'kudutsa. Tsopano kuima kunali kudzipereka m'manja mwa anthu okwiya kale ndi nkhani zina.

"Usaime," anatero Sajeni.

"Sindikuima, bwana."

Zuberi anafika ali wefuwefu, chisoti chili m'manja, akutchula dzina la Mulungu. Anafuna kudziponya patsogolo pa galimoto.

"Inu, musadzipweteke," anatero mkazi wake. "Imani apa muzilandira."

Mkwiyo wa anthu sunakhalitse. N'kovuta kukwiyira munthu amene akukudutsa mobwerezabwereza atavala thumba la ufa kumutu. Wina anayamba kuseka, ndipo chiseko chinayenda mozungulira ngati jipi yomweyo. Azimayi anakhala pansi n'kutambasula miyendo. Ngowe ikakola kanthu ankaimba nthungululu, ikaphonya ankati mayi yesaninso, akubweranso. Thumba la shuga linavuta chifukwa cha kulemera, koma amuna awiri anagwirizira ngowe ija, ndipo linatsika. Njinga inatsika ndi Haikona yemwe ataigwira, koma iye anaisiya n'kukweranso mothamanga.

Wapolisi wa pa Katope, Konsitabulo Agustino, anafika akukankha njinga yake. Anaitsamiritsa kukhoma, anaona mmene zinthu zinalili, n'kupempha mpando. Mayi Hajara anamuuza kuti kuseri kuli mandasi otentha, ndipo wina anakamutengera.

"A polisi, simuwagwira?" anafunsa Zuberi.

"Munthu woti akubwera yekha ndimuthamangitsirenji? Petulo si mtsinje."

Bwana wa ku boma uja naye anafika pagalimoto yake, akufunafuna anthu ake. Ataona kuti onse asonkhana malo amodzi, anakwera pangolo imene inali m'mbali mwa msika n'kupitiriza pamene analekezera. Anthu anamupatsa misana. Womasulira wake anayesetsa ndithu, koma maso ake anali ku mkuyu. "Bwana akuti tikayenda pamodzi tidzafika kutali," anatero, kenaka anawonjezera yekha, "akhotanso."

Pomaliza m'galimoto munatsala mpukutu wofiira uja. Sajeni anaukumbatira pachifuwa, koma nsonga yake inkauluzika kumbuyo. Ngowe inakola nsongayo, Zuberi anaigwira ndi manja awiri n'kuimangirira kumzati wa khonde. Jipi inapitiriza ulendo wake, mpukutu unayamba kumasuka m'manja mwa Sajeni, ndipo nsalu inayamba kukulunga tsinde la mkuyu, maluwa achikasu pamwamba pa maluwa achikasu. Sajeni anakoka, anatukwana m'Chingerezi cha ku Zomba, mpaka m'manja mwake munatsala kathabwa ka pakati.

Lusiya anali m'khamumo, kutsogolo, pamodzi ndi amayi ake. Sanabise nkhope. Anadikira kuti mwamuna wake adutse pafupi.

"Bambo a Maria," anatero, "mkuyu mwauveka. Nanga ine?"

Anthu anagwa pansi ndi phwete. Apongozi a Sajeni okha ndi amene sanaseke, chifukwa galimoto ikamadutsa ankawerama n'kumasuzumira kunsi kwake. Anali atazindikira bawuti la ngolo yawo.

Haikona ndiye anayamba kugonja. Anavula kathumba kaja, n'kudumpha. Anaona kampata pakati pa anthu, cha ku msewu wa kumapiri, ndipo analunjika kumeneko ndi liwiro lonse. Koma mutu wake unali ukuzungulirabe mkuyu. Miyendo inamutengera kumanzere, kumanzerebe, mpaka anakagwa chafufumimba pamapazi a Konsitabulo Agustino. Wapolisiyo anasuntha mbale ya mandasi kuti isatayike, n'kumuveka unyolo ali chikhalire pampando.

Posakhalitsa injini inatsokomola, inakoka mpweya, inatsokomolanso, n'kuzima. Jipi inayenda yokha pang'ono ndi kukaima pakhonde, pamalo penipeni pamene inapachirira katundu. Giya anavula kathumba, anatsika, anagwada pansi n'kugwira nthaka ndi manja awiri kuti ileke kuyenda. Sajeni anakhalabe pampando, msana uli chilili.

"Tsikani, a Bonifasi," anatero wapolisi.

"Ndine mkaidi wa nkhondo. Ndilankhula ndi mkulu wanu."

"Mukalankhula naye ku Dowa."

Panalibe amene anawamenya. Amene anatola mitengo aja anali atafooka ndi kuseka, ndipo Zuberi anali wotanganidwa kuvula mkuyu. Chimene iye anapempha n'chakuti Haikona abwezeretse chitseko asanapite, ndipo anachibwezeretsa unyolo uli m'manja.

Bwana wa ku boma, poona kuti papezeka nkhani imene anthu angamumvere, anatsika pangolo n'kulamula kuti akaidi apite ku Dowa, ndipo galimoto ipite nawo ngati umboni. Wapolisi anamuuza kuti petulo mulibe, ndiponso chiwongolero chauma. Bwanayo anati achimasule. Anabwera ndi nyundo ya wosula makasu, amuna amphamvu anasinthana kugona kunsi, anamenya tayirodi ija mpaka mpini wa nyundo unathyoka. Sinasunthe. Bwana anayang'ana wotchi yake, anati lamulo ndi lamulo, n'kukwera galimoto yake.

Motero atatu aja anayamba ulendo wa ku Dowa akukankha jipi yawo. Msewu wochoka pa Katope kupita kumeneko umatsetsereka, umakwera, ndipo pafupifupi ponse umakhotera kumanja. Akakankha pang'ono, galimoto inkalunjika kutchire la kumanzere. Ankaima, kuzungulira kutsogolo, kunyamula mphuno yake yonse, kuilozetsa kumsewu, n'kubwerera kumbuyo kukakankhanso. Konsitabulo Agustino ankabwera pambuyo pawo pang'onopang'ono, phazi limodzi pa pedulo, lina pansi. Anthu a m'midzi ya m'njira ankatuluka kudzaonerera, ndipo mbiri inkafika patsogolo iwo asanafike.

Pa chitunda china Giya anagwa pansi ndi kutopa. Haikona anatsamira boneti, thukuta likuyenderera m'zigongono. Sajeni anali atavula jekete kwa nthawi yoyamba chibwerere ku Zomba. Anagwada, anasuzumira kunsi kwa galimoto kwa kanthawi, n'kudzuka akugwedeza mutu mokhutira.

"Anyamata, nenani zonse zimene munganene," anatero akupuma movutikira, "koma chitsulo ndinasankha. Taonani, sichinapindike ngakhale pang'ono."

"Nyamulani, a Sajeni," anatero wapolisi. "Kutsogoloku kukukhotanso."